Kuyeza khansa ya m'mawere: pepala la liquid crystal, manja, sikani, mammogram kapena biopsy?

Pepala la liquid crystal ndi lakuda, lapulasitiki, lofewa. Mukalikhazika pa bere n'kudikira pang'ono, limayamba kutulutsa mitundu: apa kufiira, apo kubiriwira, pena buluu, ndipo mitsempha ya magazi imaoneka ngati mizere. Ogulitsa amati palibe ululu, palibe cheza cha ekisire, palibe kufinya bere. Zitatuzi n'zoona. Amatinso pepalalo lingakuuzeni ngati muli ndi khansa, ndipo apa ndi pamene mayi aliyense ayenera kuima kaye asanatulutse ndalama.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Kwathu kuno ambiri amafika kuchipatala zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala. N'chifukwa chake njira iliyonse yolonjeza kupeza matendawa msanga, motchipa komanso kunyumba, imakopa mitima.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Yambani ndi kudziwa mbali imene muli. Pali mayi amene sakumva chilichonse, akungofuna kudziwa ngati zonse zili bwino. Pali wina amene wapeza kale kambulu m'bere, kapena nkhumbu yalowa m'kati, kapena ikutuluka magazi, kapena khungu lakhuthala n'kuchita timaenje, kapena kukhwapa kwatuluka mwanabere wosapola. Anthu awiriwa safunika njira imodzi. Wachiwiriyu sakufunanso chida chomuuza kuti "mwina pali kanthu". Kanthuko wakapeza kale, akufuna kudziwa kuti n'chiyani.

Kenako funsani kuti njirayo imaona chiyani kwenikweni: kutentha kwa khungu, kuuma kwa chotupa, chithunzi cha m'kati, kapena maselo enieniwo. Funsaninso kuti imaphonya khansa kangati, komanso imaopseza kangati munthu amene alibe vuto. Funso lolemera kuposa onse ndi lakuti: kodi pali kafukufuku wamkulu, wa amayi ambiri otsatiridwa zaka zambiri, woonetsa kuti njirayo imachepetsa imfa? Bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, pokhazikitsa ndondomeko yake yolimbana ndi khansa ya m'mawere mu 2021, linaika malire akuti munthu wokayikiridwa adziwe zoona pasanathe masiku 60. Choncho njira iliyonse tiiyezenso pa nthawi: kodi ikukufikitsani msanga ku yankho, kapena ikukudyerani masiku?

Pepala la liquid crystal

Mu 1888 Friedrich Reinitzer, katswiri wa zomera ku Prague, anaona kuti mankhwala ena ochokera ku cholesterol (mtundu wa mafuta a m'thupi) amasungunuka kawiri. Cha pa madigiri 145 ankasanduka madzi ambuu, ndipo cha pa 178 madziwo ankayera. Pakati pa malire awiriwa chinthucho chinkayenda ngati madzi koma tizidutswa take tili pamzere. Otto Lehmann wa ku Germany ndiye anafufuza mozama khalidweli. Zinthu zotere ndi zimene zimatchedwa liquid crystal. M'mtundu umene umagwiritsidwa ntchito poyeza thupi, tizidutswato timasanjikizana mopotana. Kutentha kukasintha pang'ono chabe, kupotanako kumafupika kapena kutalika, ndipo kuwala kobwerera m'maso mwanu kumasintha mtundu. Pozizirirapo pamafiira, potentherapo pamachita buluu. Amene anaonapo kapepala koika pachipumi cha mwana poyeza kutentha thupi, ndi zomwezo.

Nanga khansa ikulowapo bwanji pamenepa? Mu 1956 Ray Lawson, dokotala wa maopaleshoni ku Montreal, analemba kuti khungu la pamwamba pa chotupa cha khansa limakhala lotentherapo kuposa malo omwewo pa bere linalo. Chifukwa chake n'chomveka. Chotupa chokula mofulumira chimadzikokera mitsempha yatsopano ya magazi, ndipo magazi ambiri amabwera ndi kutentha. M'zaka za m'ma 1960 James Fergason wa ku kampani ya Westinghouse ku America anaonetsa kuti ma liquid crystal angajambule kutentha kwa khungu, ndipo madokotala anayamba kuwayesa pa mawere. Masiku ano njirayi yabweranso ndi zovala zatsopano. Ku Poland mu 2016 kunatuluka chipangizo cha Braster, cholumikizidwa ku foni ya m'manja. Mbale wake ndi kamera yoona kutentha popanda kukhudza thupi, ngati imene kampani ya Niramai ya ku India imagwiritsa ntchito pamodzi ndi kompyuta yowerenga zithunzi. Zonsezi dzina lake ndi thermography.

Maganizo ake ndi anzeru, ndipo sindikuwapeputsa. Vuto ndi lakuti pepalalo limayeza khungu, osati za m'kati. Kukhudza chivundikiro cha mphika kumakuuzani kuti pansi pali moto, koma sikukuuzani ngati muli nyemba kapena madzi okha. Bere limatentha chifukwa cha chithupsa, kutupa kwa woyamwitsa, mimba, masiku a kumwezi, ngakhale mtsempha wamba woyandikira khungu. Ndipo chotupa chaching'ono chimene chili m'kati kwambiri, chokutidwa ndi mafuta, chingakhale phee osatenthetsa khungu n'komwe.

Izi zinayesedwa kale. Mu 1973 ku America kunayamba ntchito yaikulu yoyeza amayi pafupifupi 280,000 pogwiritsa ntchito manja, mammogram (ekisire ya bere) ndi thermography. Pofika 1977 thermography inachotsedwamo chifukwa inkaphonya khansa zambiri n'kumaopsezanso amayi abwinobwino. N'zoona kuti zida za lero n'zabwino kuposa za nthawi imeneyo, koma mpaka pano palibe kafukufuku wamkulu woonetsa kuti kuyeza kutentha kwa bere kumachepetsa imfa. Bungwe la FDA, lovomereza mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, limangoilola ngati chothandizira pambali pa njira zina, ndipo mu 2019 linachenjezanso poyera kuti isalowe m'malo mwa mammogram.

Mtengo. Pepala lenilenilo n'lotchipa mukayerekeza ndi makina a mammogram. Koma wogula amalipira chipangizo, nthawi zambiri amalipiranso kuti zithunzi zake ziwerengedwe, n'kuwonjezera bandulo ya intaneti. Ndipo chikangoonetsa malo otentha, mupitabe kukalipira sikani. Ndiye kuti mwalipira kawiri pa yankho limodzi.

Kupezeka kwake. Si njira imene zipatala za boma zimatsata poyeza khansa. Imapezeka poitanitsa pa intaneti, kapena m'malo olipira a zaumoyo ku South Africa, Britain ndi America, amene ena mwa iwo mulibe dokotala wa khansa.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene ogulitsa salankhulapo kwenikweni. Ma liquid crystal amawonongeka ndi dzuwa, chinyezi ndi kutentha, ndipo akakalamba mitundu yake imayamba kunama. Poyeza pamafunika chipinda chozizirira, cha madigiri apakati pa 20 ndi 24, chopanda mphepo yowomba pathupi, ndipo mayi akhale atavula kumtunda kwa mphindi 10 kapena 15 kuti khungu likhazikike. Asakhale atangosamba madzi otentha kapena kugwira ntchito yolemetsa. Taganizani za Okutobala ku Nsanje kapena kuchigwa cha Luangwa, m'nyumba yamalata, mayi atangochoka pamoto. Khungu lonse latentha, ndiye kusiyana kwakung'ono kumene pepalalo likufunafuna kwamira.

Kuopsa kwake. Pathupi palibe. Kuopsa kuli pa mtima. Mayi amene ali ndi kambulu akaona mitundu yofanana mbali zonse amapuma, n'kunena kuti zili bwino, ndipo miyezi imapita chotupa chikukula. Ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama zotayika.

Kupimidwa ndi manja a munthu wophunzitsidwa

Njira iyi anthu amaiderera chifukwa ilibe makina. Namwino kapena dokotala amayang'ana mawere onse awiri mutakhala, mutakweza manja, kenako mutagona chagada. Amayendetsa nsonga za zala zitatu pang'onopang'ono, modinikiza pang'ono kenako kwambiri, kuyambira pansi pa fupa la m'khosi mpaka kukhwapa.

Umboni wake ulipo. Ku Mumbai, ku India, madokotala a pachipatala cha khansa cha Tata Memorial anatsatira amayi oposa 150,000 kwa zaka 20. Theka lawo ankapimidwa zaka ziwiri zilizonse ndi amayi anzawo ophunzitsidwa ntchitoyi. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinaonetsa kuti khansa inkapezeka isanakule kwambiri, ndipo pakati pa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zinatsika ndi pafupifupi 30 pa 100 zilizonse. Kwa ocheperapo zaka kutsikako sikunaoneke bwino. Ku Lilongwe nako kunayesedwa zofanana: amayi anayi osakhala anamwino anaphunzitsidwa, n'kupima amayi 1,000 amene anabwera kuchipatala ndi nkhani zina.

Kudzipima nokha ndi nkhani ina. Ku Shanghai amayi oposa 260,000 a m'mafakitale a nsalu anatsatiridwa, ndipo kuphunzitsa theka lawo kudzipima mwezi ndi mwezi sikunachepetse imfa. Izi sizikutanthauza kuti musadzikhudze. Dziwani mawere anu mmene amakhalira, kuti pakasintha kanthu muthamange. Koma musawerengere zala zanu zokha ngati chiweruzo.

Mtengo. M'zipatala za boma ku Malawi simulipira. Chimene chimadya ndalama ndi thiransipoti ndi tsiku la ntchito lotayika.

Kupezeka kwake. Palibe njira ina yofika pafupi ndi mudzi ngati iyi. Pemphani mukapita kusikelo ya ana, kukatenga njira yakulera, kukayezetsa khomo la chiberekero kapena kukalandira ma ARV. Nthawi zambiri sadzayamba okha, chifukwa mzere ndi wautali. Nenani ndinu kuti, "Anamwino, mundipimeko ndi mawere."

Kasamalidwe. Palibe makina osamala, koma luso limazilala ngati wopimayo sakumbutsidwa. Kupima kwa mphindi imodzi, pamwamba pa bulauzi, si kupima.

Kuopsa kwake. Zala sizimva chotupa chaching'ono kwambiri, ndipo sizingasiyanitse motsimikiza chotupa choopsa ndi chosaopsa. Wopima akanena kuti "ndi mafuta chabe" koma kambuluko sikakuchoka, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Sikani ya ultrasound

Ndi makina omwe aja oonera mwana m'mimba, koma ndi kamutu kena kopangidwira zinthu zapafupi ndi khungu. Amagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, osati cheza. Ubwino wake waukulu ndi kusiyanitsa kathumba ka madzi ndi chotupa cholimba, ndipo amaona bwino m'mawere othinana a amayi achitsikana, mmene mammogram imavutika. Ku Japan, kafukufuku wa amayi oposa 70,000 a zaka 40 mpaka 49 anapeza kuti kuwonjezera sikani pa mammogram kunkapeza khansa zambiri, ngakhale kuti kunkaitanitsanso amayi ambiri amene pamapeto pake analibe vuto.

Mtengo. Ndi wotsikirapo kuposa mammogram m'zipatala zolipira, ndipo m'zaboma ndi waulere ngati mwatumizidwa ndi dokotala.

Kupezeka kwake. Zipatala zambiri za m'maboma ndi zamishoni zili ndi makinawa. Chosowa ndi kamutu koyenera ndi munthu wozolowera kuwerenga bere. Funsani zimenezi musanakwere minibasi.

Kasamalidwe. Magetsi, mafuta opaka pakhungu, ndi kusamala kamutu kaja, chifukwa kakagwa pansi ntchito yaima.

Kuopsa kwake. Pathupi palibe, ngakhale kwa woyembekezera ndi woyamwitsa. Koma yankho limadalira kwambiri maso ndi dzanja la woyezayo, ndipo sikani siona bwino timadontho ta kashiamu timene nthawi zina ndito chizindikiro choyamba cha khansa.

Mammogram

Iyi ndi ekisire ya bere. Bere limaikidwa pakati pa mbale ziwiri n'kufinyidwa kwa masekondi angapo, kawiri mbali iliyonse. Zimapweteka, ena pang'ono, ena ndithu, makamaka masiku oyandikira kumwezi. Kufinyako kuli ndi ntchito: kumayala mnofu kuti chithunzi chioneke bwino ndi cheza chochepa.

Pa njira zonse zoyezera mayi wopanda chizindikiro, iyi ndiyo ili ndi umboni wochuluka. Unayambira ku New York mu 1963, n'kupitirira ku Sweden m'zaka za m'ma 1970. Gulu la akatswiri limene linaunika umboniwu ku Britain mu 2012 linapeza kuti kuitana amayi kukayezetsa kumachepetsa imfa za khansa ya m'mawere ndi pafupifupi 20 pa 100 zilizonse. Gulu lomwelo silinabise mbali inayo: pa mayi mmodzi wopulumutsidwa, pafupifupi atatu amalandira chithandizo cha khansa imene sikanawavutitsa moyo wawo wonse.

Mtengo. Wokwera, kwa chipatala ndi kwa wodwala yemwe. Amene ali pa sikimu ya zaumoyo afunse ngati imalipira.

Kupezeka kwake. Ku Malawi ndi ku Zambia makinawa ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo madokotala owerenga zithunzi zake ndi ochepa. Ku England, NHS, nthambi ya boma yosamalira odwala, imaitana amayi a zaka 50 mpaka 71 zaka zitatu zilizonse popanda kulipira, bola mukhale olembetsa kwa dokotala wa m'dera lanu. Ku America malangizo a 2024 akuti kuyambira zaka 40, zaka ziwiri zilizonse.

Kasamalidwe. Makinawa amafuna magetsi okhazikika, kuyezedwa pafupipafupi, ndi amisiri amene nthawi zambiri amachokera kunja. Akawonongeka amatha kukhala miyezi. Imbani foni musananyamuke.

Kuopsa kwake. Cheza chake n'chochepa, chofanana ndi chimene munthu amalandira mwachilengedwe m'masabata pafupifupi 7. Imaphonya khansa imodzi mwa zisanu ndi zitatu, ndipo m'mawere othinana imaphonya zoposa apo. Ambiri oitanidwa kuti abwerenso amapezeka kuti alibe khansa, koma masiku odikirawo tulo sabwera.

Za MRI, sikani yogwiritsa ntchito maginito, sinditayapo nthawi. Imaona kwambiri, koma ndi yodula, yosowa, ndipo imasungidwira amene chiopsezo chawo n'chachikulu, monga a m'banja lokhala ndi vuto la chibadwa, lotengera kwa makolo, la BRCA1 kapena BRCA2.

Biopsy, kutenga kanyama kokayeza

Njira zonse zimene tatchulazi zimangoloza. Yotsimikiza ndi iyi yokha. Dokotala amabaya jekeseni yochititsa dzanzi, n'kulowetsa singano yokhuthala m'chotupa, nthawi zambiri akuyang'ana pa sikani. Mumamva kuti "tha!" kangapo, ndipo tinyama topyapyala timaikidwa m'kabotolo ka mankhwala. Pasanathe ola mwatuluka, pabala pali kapulasitala. Kulabotale amaona maselowo pa maikulosikopu, ndipo kumene zipangizo zilipo amadziwanso ngati khansayo imakula ndi mahomoni, zimene zimaonetsa ngati mapiritsi a tamoxifen angathandize.

Mtengo. M'zipatala zikuluzikulu za boma simulipira, koma maulendo amakhala awiri kapena atatu. Kolipira n'kodula, ngakhale kuti yankho limafulumira.

Kupezeka kwake. Ku Kamuzu Central Hospital labotale yoyeza tinyamati inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina. Ku Blantyre ntchitoyi imachitika kudzera ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi sukulu ya madokotala imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Ku Zambia odwala ambiri amathera ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Kasamalidwe. Kanyama kasungidwe bwino, kalembedwe dzina lolondola, katumizidwe msanga. Inuyo lembani tsiku ndi nambala yake, siyani nambala ya foni imene imagwira, ndipo funsani tsiku lobwera kudzamva. Zotsatira zimatha kutenga masabata, ndiye musadikire kuti akuimbireni.

Kuopsa kwake. Kuwawa masiku angapo, kutupa pang'ono, mwa apo ndi apo kutukusira kwa bala. Pali mphekesera yakuti singano ikakhudza khansa imaibalalitsa. Mphekesera imeneyi yabweza amayi ambiri pakhomo pa chipatala. Chimene chimapatsa khansa mpata wofalikira ndi miyezi yodikira, osati singano. Dziwaninso kuti zotupa zambiri zoyezedwa motere zimapezeka kuti si khansa.

Njira iti kwa ndani

Ngati mwapeza kambulu kapena chizindikiro china, pa msinkhu uliwonse, pitani mukapimidwe sabata yomweyo. Osakwana zaka 30, oyembekezera ndi oyamwitsa amayamba ndi sikani. Achikulirepo amayenera mammogram pamodzi ndi sikani ngati zilipo. Chotupa cholimba chokayikitsa chimafuna biopsy, ngakhale chithunzi chitaoneka bwino. Pepala la liquid crystal lilibe malo panjira imeneyi. Izi zikukhudzanso abambo, chifukwa pafupifupi munthu mmodzi mwa odwala 100 amakhala mwamuna.

Ngati mukuyamwitsa ndipo bere latupa, lafiira, latentha, nthawi zambiri ndi matenda wamba ofuna mankhwala opha tizilombo. Koma mukamaliza mankhwalawo osasintha, bwererani msanga, chifukwa pali mtundu wa khansa umene umaoneka chimodzimodzi. Chida choyeza kutentha sichingasiyanitse ziwirizi, pakuti zonse zimatentha.

Ngati mulibe chizindikiro ndipo mumakhala kutali ndi tauni, kupimidwa ndi namwino wophunzitsidwa chaka ndi chaka kapena zaka ziwiri zilizonse, makamaka mukadutsa zaka 40, ndiye njira yogwirika. Ngati muli ndi zaka 50 mpaka 69 ndipo mammogram mungaifikire, iyezetseni zaka ziwiri zilizonse. Apakati pa 40 ndi 49 akambirane ndi dokotala, poti pa msinkhu uwu phindu ndi locheperapo ndipo kuopsezedwa pachabe n'kochuluka. Amene muli ku Britain, kalata yoitana ikafika musaiike pansi pa mabuku.

Ngati mayi anu, mchemwali wanu kapena mwana wanu anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya m'thumba la mazira, makamaka asanakwane zaka 50, muuzeni dokotala zimenezi. Mungafunike kuyamba kuyezetsa msanga kuposa anzanu.

Ngati mwaitanidwa kulowa m'kafukufuku wovomerezeka woyesa thermography, ndipo akukuyezaninso ndi njira zodalirika, palibe choipa, ndipo mukuthandiza kuti funsoli liyankhidwe. Ngati chipangizocho munagula kale, chikaonetsa malo otentha pitani kuchipatala, ndipo chikaonetsa kuti zonse zili bwino pamene inu mukumva kambulu, pitanibe.

Ndipo inu amene muli ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds, mukufuna kuthandiza amayi anu kapena achemwali kumudzi: ndalama ya chipangizoyo itumizeni ikhale ya thiransipoti yopita kuchipatala cha m'boma, ya sikani, ya ulendo wa ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu ngati biopsy ikufunika, ndi ya munthu wowaperekeza tsiku lokamva zotsatira.